Pikapu yakale ya dizilo ikuvuta kulira m'mawa ndipo ikutulutsa utsi

Mwini pikapu:
Akuluakulu nonse a pagulu pano, ndikupempha nzeru. Ndili ndi pikapu ya dizilo ya m'zaka za m'ma 1990, ya injini ya masilinda anayi ya malita 2.8, yopanda tebo, ndipo yayenda makilomita opitirira 300,000. Chiyambireni kuzizira, m'mawa imavuta kwambiri kulira. Sitata imapukusa injini kwa nthawi yaitali, kenako masilinda amayamba kugwira imodziimodzi galimoto yonse ikunjenjemera, ndipo ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wochuluka moti kumbuyo sikuoneka. Pakapita mphindi zochepa utsiwo umatha, injini imakhazikika, ndipo masana onse ndikaizimitsa imaliranso ndikangotembenuza kiyi. Vuto lina ndi lakuti pokwera chitunda itanyamula katundu imasiya utsi wakuda. Makaniko wina wandiuza kuti pampu ya dizilo yatha, wina akuti titsitse injini tiike maring'i atsopano a mapisitoni. Ntchito ziwiri zonsezi n'zazikulu, ndipo sindikufuna kuyamba ndisanadziwe chimene chikudwala. Ndiyambire pati?

Makaniko wa dizilo:
Achimwene, pakadali pano musalole munthu kumasula pampu kapena kutsitsa injini. Zizindikiro zimene mwafotokozazi zingabwere ndi zinthu zingapo, ndipo zambiri mwa izo zimayezeka galimoto ili chiimire pakhomo.

Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya, pa mainjini akale ngati yanuyo mpaka kuuchepetsa pafupifupi ka 22, ndipo mpweyawo umatentha kupitirira madigiri 500, kotero kuti dizilo akafika ali fumbi la timadontho amayaka yekha. M'mawa chitsulo chimakhala chozizira ndipo chimaba kutenthako. Choncho kuti ilire pamafunika kuti sitata ipukuse mwaliwiro, kompuleshoni (kupanikiza mpweya kuja) ikhale yokwanira, ma heater plug (mapulagi a magetsi otenthetsa m'masilinda injini isanalire) atenthe, ndiponso dizilo afike wopanda mpweya pa nthawi yake. Chimodzi chikafooka, dizilo amalowa mu silinda koma osapsa, ndipo amatuluka ku ekizozi ngati utsi woyera.

Kuti tichepetse zokayikira, tiuzeni izi. Mukaima pafupi ndi utsiwo, kodi umanunkha dizilo n'kumalasa m'maso, kapena ndi wopanda fungo lamphamvu ndipo umabalalika msanga ngati nthunzi? Kodi madzi a mu rediyeta kapena oyilo akumachepa? Nanga galimotoyo ikakhala masiku angapo osayenda, kuvutako kumaonjezeka kapena kumakhala chimodzimodzi?

Mwini pikapu:
Zikomo bambo. Utsiwo umanunkha dizilo kwambiri ndipo umalasadi m'maso. Madzi sakuchepa. Oyilo amatsika pang'ono pakati pa sevisi ndi sevisi, koma wakhala akutero kuyambira kale. Funso lomalizalo landiganizitsa, chifukwa ikagona usiku umodzi imavuta ndithu, koma ikakhala Loweruka ndi Lamlungu osaigwira, Lolemba ndimapukusa mpaka batire kutsala pang'ono kufooka. Nyali ya heater pa dashibodi imayaka n'kuzima monga mwa nthawi zonse.

Wa zamagetsi a galimoto:
Nyali imeneyo isakupusitseni, achimwene. Pa magalimoto ambiri akale imayaka ndi kuzima motsatira kachipangizo kowerengera nthawi, ndipo imachita zimenezi ngakhale ma heater plug onse anayi atafa.

Yesani motere. Injini ili yozizira, ikani mita pa kachitsulo kopyapyala kamene kamalumikiza mitu ya ma heater plug onse, wina atembenuze kiyi, muone ngati magetsi akufika. Ngati sakufika, vuto lili pa fyuzi, pa relay kapena pa waya. Ngati akufika, masulani kachitsuloko kuti pulagi iliyonse ikhale payokha, chifukwa zikakhala zolumikizana, imodzi yamoyo imabisa zitatu zakufa. Kenako yezani pakati pa mutu wa pulagi ndi thupi la injini. Yabwino imaonetsa pafupifupi ohm imodzi kapena kucheperapo, ndipo yakufa sionetsa kulumikizana kulikonse. Ngati mulibe mita, nyali yoyesera imakwanira: mbali imodzi pa positive ya batire, ina pa mutu wa pulagi, ndipo ikapanda kuyaka ndiye kuti pulagiyo inaduka mkati.

Muonenso batire ndi mawaya ake. Batire lodzaza bwino limaonetsa mavoti 12.6, ndipo pamene sitata ikupukusa siliyenera kutsika kupitirira 9.6. Waya wa earth wochokera ku batire kupita ku injini amachita dzimbiri pa bawuti, ndipo sitata imapukusa mwaulesi mwini wake osazindikira chifukwa khutu linazolowera. Pa dizilo liwiro limeneli n'lofunika kwambiri, popeza injini ikamazungulira pang'onopang'ono mpweya wopanikizidwa umapeza nthawi yothawira m'mbali mwa maring'i, ndipo kutentha kumalowa m'chitsulo.

Pogula ma heater plug atsopano, werengani mavoti olembedwa pa akalewo. Ena ndi a mavoti 11, ena a 6 kapena 7, ndipo amaoneka ofanana. Mukaika a mavoti ochepa pamene payenera a 11, amapsa msanga, ndipo nsonga yake ingathe kutupa kapena kuthyokera mkati.

Dalaivala wa lole:
Ine nditakhala inu sindingavutike ndi zonsezi m'mawa uliwonse. Pali mankhwala opopera a ether amene amagulitsidwa m'zitini. Mumachotsa chivundikiro cha fyuluta ya mpweya, mumapopera pang'ono, ndipo injini imalira nthawi yomweyo. Pa malole akuluakulu ndaona anthu ambiri akugwiritsa ntchito, ndipo zimawathandiza kufika pa ntchito nthawi yabwino.

Makaniko wa dizilo:
Akulu, apa ndikutsutsani, ndipo ndikupempha mwini pikapu kuti asayese. Malole ambiri akuluakulu ali ndi mainjini amene injector (chopopera dizilo mu silinda) imapopera molunjika pamwamba pa pisitoni, ndipo ena alibe n'komwe ma heater plug m'masilinda. Pikapu ya mtundu uwu ili ndi kachipinda kakang'ono mu hedi, momwe muli nsonga ya heater plug yofiira ngati khala. Ether akafika pamenepo amaphulika pisitoni isanafike pamwamba. Zotsatira zake ndi maring'i othyoka, mizere ya pa pisitoni yogumuka, kapena kachipinda kosweka. Munthu amene amafuna kupewa kutsitsa injini amadzaitsitsa chifukwa cha chitini chimenecho. Komanso mankhwalawo amangobisa vuto, pamene ife tikufuna kulipeza.

Dalaivala wa lole:
Ndamva bambo. Za kusiyana kwa mainjiniwo n'zoona, lole imene ndimayendetsa ilibe ma heater plug m'masilinda. Atsatire zimene mwanenazo.

Wokonza mapampu ndi ma injector:
Ndakhala ndikuwerenga, ndipo mawu amene andikoka ndi awiri: kuti masana ikatentha imalira bwino, ndiponso kuti ikakhala masiku angapo imavuta kwambiri.

Ndiyambe ndi oyambawo, chifukwa akukhudza pampu imene akuti yatha. Pampu ya mtundu wa VE, imene ili pa mapikapu ambiri a zaka zimenezo, ikadyeka mkati imavuta kulira injini ikatentha, osati ikazizira. Chifukwa chake n'chakuti dizilo wotentha amakhala wopepuka, ndipo pa liwiro lochepa la sitata amadutsa m'mbali mwa plunger yodyekayo (kapisitoni kokankha dizilo mu pampu) m'malo mopita ku ma injector. Mwini galimoto yotere amadandaula kuti m'mawa imalira bwino, koma akaima pang'ono masana imakana mpaka itazirala. Yanu ikuchita zosemphana ndi zimenezi, choncho sindikuona chifukwa choimbira mlandu pampu.

Mawu achiwiriwo akuloza ku mpweya wolowa m'mapayipi a dizilo. Ma heater plug akufa amavutitsa mofanana m'mawa uliwonse wozizira, sasamala kuti galimoto yagona usiku umodzi kapena atatu. Koma kabowo kolowetsa mpweya kamagwira ntchito ndi nthawi: galimoto ikaima, mpweya umalowa pang'onopang'ono, dizilo amabwerera ku thanki, ndipo ikakhalitsa fyuluta ndi pampu zimatsala ndi mpweya wambiri. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti pansi sipadontha kanthu. Pampu ya VE imakoka yokha dizilo kuchokera ku thanki, kotero payipi yonse ya mbali imeneyo siikhala yopanikizidwa, ndipo mng'alu umayamwa mpweya m'malo motulutsa dizilo.

Mawa m'mawa, musanagwire kiyi, tsegulani boneti mukanikize kapampu ka dzanja kamene kali pamwamba pa fyuluta ya dizilo. Ngati kakulimba mutangokanikiza kamodzi kapena kawiri, mapayipi ndi odzaza. Ngati kali kofewa ndipo kakufuna kupopa kambirimbiri kasanalimbe, dizilo anathawa usiku. Kakalimba lizani injini, muone ngati pali kusintha. Kuti muone ndi maso, ikani kapayipi koonekera mkati pakati pa fyuluta ndi pampu, ndipo muyang'ane ngati mukudutsa thovu injini ikulira. Njira ina yosavuta ndi kuigoneka pamalo otsetsereka mphuno ikuyang'ana kumunsi, kuti thanki ikhale pamwamba. Ikalira bwino m'mawa wotsatira, yankho mwalipeza.

Malo amene mpweya umakonda kulowera ndi mphira wa mkati mwa kapampu ka dzanja kaja, mphira wozungulira fyuluta, kotsekera madzi pansi pa fyuluta, mapayipi a mphira ouma pafupi ndi zomangira, ndi mawashala a payipi yobweza dizilo kuchokera ku ma injector. Mukadali pomwepo, masulani kotsekera pansi pa fyuluta mukhetsere m'botolo loyera, muone ngati muli madzi. Madzi ndiwo amawononga pampu ndi ma nozzle (nsonga za ma injector) mwakachetechete.

Mwini pikapu ina:
Ndikufuna kuonjezerapo za utsi woyera wa mtundu winawo, chifukwa ena owerenga pano angaganize kuti utsi woyera uliwonse ndi wa ma heater plug. Pikapu yanga inatenthapo kwambiri lamba wa fani ataduka, ndipo patapita nthawi inayamba kunjenjemera m'mawa n'kumatulutsa utsi woyera. Utsi wake sunkalasa m'maso, ndipo sunkatha ngakhale injini itatentha. Madzi ankachepa popanda podontha. Makaniko anatsegula chotsekera rediyeta injini ili yozizira, n'kuiliza, ndipo tinaona timathovu tikukwera pakamwa pa rediyeta motsatizana osalekeza. Payipi ya pamwamba inalimba ngati tayala injini isanatenthe n'komwe. Atamasula anapeza hedi ili ndi mng'alu pakati pa mavalavu. Achimwene mwanena kuti madzi sakuchepa, zimene zili bwino, komabe kuyesa kumeneku sikutenga nthawi. Chonde musatsegule chotsekeracho injini ili yotentha.

Makaniko wa dizilo:
Mayi anena zoona, ndipo pali ngozi ina pamenepo. Madzi akamalowa mu silinda usiku n'kuchuluka, pisitoni siingawapanikize, ndipo ndodo yake imapindika sitata ikangopukusa. Aliyense amene injini yake imayamba kupukusa n'kuima mwadzidzidzi ngati yagunda chinthu, asakakamize. Achotse ma heater plug, apukuse, aone ngati m'mabowomo mukutuluka madzi.

Mwini pikapu:
Ndabwera ndi zotsatira. Rediyeta ilibe thovu, mayi, ndipo payipi yake siinalimbe msanga. Magetsi akufika pa kachitsulo ka ma heater plug, koma nditawayeza payekhapayekha, la silinda yachiwiri ndi la yachitatu ndi akufa. Batire likuonetsa 12.5, ndipo popukusa likutsika kufika 10.2. Kapampu ka dzanja kanali kofewa, ndipo nditapopa mpaka kulimba injini inagwira msanga kuposa masiku onse, ngakhale inanjenjemerabe ndi kutulutsa utsi woyera. Mu kapayipi koonekera mkati mumadutsa timathovu ting'onoting'ono, ndipo nditazimitsa injini ndinaona dizilo akubwerera m'mbuyo, thovu lalikulu likukula kuchokera mbali ya fyuluta. M'botolo munatuluka madzi pang'ono ofiirira. Zikuoneka kuti mavuto ndi awiri. Ndisinthe ma heater plug awiri okhawo kapena onse?

Wa zamagetsi a galimoto:
Sinthani onse anayi, chifukwa otsalawo ndi a msinkhu umodzi ndi amene afawo. Batire lanu lili bwino. Pomasula, yambani mwathira mafuta ofewetsa dzimbiri usiku wathunthu, ndipo mumasule injini ili yofunda. Pulagi ikalimba, ibwezeni pang'ono kenako muyambirenso, osaikakamiza, popeza ikadukira mu hedi ntchito imakula. Akatuluka, yang'anani nsonga zake. Nsonga yodyeka kapena yosungunuka kawirikawiri imasonyeza kuti injector ya silinda imeneyo ikudontha kapena taimini (nthawi imene pampu imatumiza dizilo) siili bwino, ndiye muwasunge motsatira masilinda awo kuti bambo a mapampu awaone.

Makaniko wa dizilo:
Popeza ma heater plug akutuluka, uwu ndi mwayi woyeza kompuleshoni kudzera m'mabowo omwewo, kuti nkhani ya maring'i ithe ndi manambala. Pamafunika geji ya dizilo, chifukwa ya petulo siifika pa mlingo umenewu. Injini ikhale yotentha, batire lodzaza, ndipo waya wa solenoid ya pampu (kachipangizo ka magetsi kotsegula ndi kutseka dizilo) uchotsedwe kuti dizilo asalowe. Manambala enieni muwatenge m'buku la injini yanu. Mwachitsanzo, buku la Toyota la mainjini a 2L ndi 3L limapereka 32 kg/cm² pa injini yabwino, 20 kg/cm² ngati malire a pansi, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 5 kg/cm².

Anthu ambiri amangotsegula chotsekera oyilo injini ikulira, akaona mpweya ukutuluka n'kugamula kuti injini yatha. Dizilo iliyonse yakale imapuma pamenepo, choncho kuyesa kumeneku kumangopereka chithunzi. Chimene chimadetsa nkhawa ndi mpweya wotuluka mwamphamvu motsatira kugunda kwa silinda imodzi. Ndichenjezenso za chizolowezi chothira oyilo mu silinda poyeza kachiwiri, chimene amachita pa petulo. Pa dizilo malo otsala pamwamba pa pisitoni ndi ochepa kwambiri, ndipo oyilo wochuluka angapinditse ndodo kapena kuyaka geji ili pomwepo.

Wokonza mapampu ndi ma injector:
Ine ndikanati kompuleshoni idikire, chifukwa injini ya maring'i otha imadya oyilo moonekeratu ndipo imasiya utsi wabuluu, zimene mwini wake sanatchule. Komabe sindikukana kuti ayeze, popeza mabowo ali otsegula kale. Chimene ndikufuna asaiwale ndi utsi wakuda wa pa chitunda, chifukwa ma heater plug ndi kapampu ka dzanja siziuchotsa. Utsi wakuda umatanthauza kuti dizilo wachuluka kuposa mpweya woti umuwotche, kapena wafika ali madontho akuluakulu osapsa bwino. Poyamba muone fyuluta ya mpweya ndi payipi yake yonse, ndiponso ngati ekizozi siinaphwanyike penapake.

Zimenezo zikakhala bwino, ma injector achotsedwe akayezedwe pa makina a dzanja opopera. Pa mainjini a mtundu umenewu amatseguka pafupifupi pa mabar 150, malinga ndi buku. Ndi zaka sipuling'i imafooka ndipo singano imadyeka, kotero nozzle imatseguka msanga, imalavula m'malo mopopera, ndipo ikatseka imatsala ikudontha. Nozzle yotere imathandizira mavuto anu onse awiri: m'mawa madontho akuluakulu amakana kuyaka, ndipo pa chitunda amasanduka mwaye. Poyeza, munthu asaike dzanja kutsogolo kwa nozzle, chifukwa dizilo wa mphamvu imeneyo amaboola khungu ndipo chilonda chake chimafuna chipatala nthawi yomweyo.

Muyang'anenso pa pampu ngati sikuluwu yoonjezera dizilo idakali ndi chidindo chake. Magalimoto akale ambiri anadutsa m'manja mwa anthu amene anaipotokola pofuna mphamvu, ndipo pa injini yopanda tebo mpweya sungaonjezeke, choncho dizilo woonjezerayo amangotuluka ngati utsi n'kumatenthetsa hedi.

Mwini pikapu:
Nazi zimene zachitika. Ndasintha ma heater plug onse, mutu wa fyuluta pamodzi ndi kapampu kake, fyuluta yenyeniyo, ndi payipi imodzi imene inali yosweka pansi pa chomangira. Thovu latha, ndipo ngakhale itakhala masiku osayenda ikulira msanga. Utsi woyera ukungotuluka pang'ono kwa masekondi ochepa. Kompuleshoni yatuluka 27, 26, 28 ndi 26 kg/cm². Fyuluta ya mpweya inali yodzaza fumbi, ndaika yatsopano, ndipo utsi wakuda wachepa koma sunatheretu. Chidindo cha pa pampu chilipo. Pa makina, ma injector awiri anatseguka pansi pa mlingo, ndipo ya silinda yachitatu imadontha. Heater plug ya silinda yomweyo ndi imene inali ndi nsonga yodyeka.

Makaniko wa dizilo:
Manambala amenewo ndi a injini yokalamba koma yathanzi, ndipo masilinda akusiyana ndi 2 yokha. Maring'i asiyeni. Mukadzapeza mpata muyezetse mipata ya mavalavu, chifukwa valavu yothina imachepetsa kompuleshoni ndipo pa makilomita amenewa mwina siinayezedwepo kwa nthawi yaitali.

Wokonza mapampu ndi ma injector:
Ikani ma nozzle atsopano pa ma injector onse anayi, ndipo aikidwe pa mlingo umodzi kuti injini izilira mofanana. Pobwezera, mawashala a mkuwa ndi kawashala koteteza nsonga ku moto zikhale zatsopano, ndipo kawashalako kayang'ane mbali imene buku likunena, chifukwa kakatembenuka nozzle yatsopano imapsa msanga. Mumange ndi sipanala yoyeza mphamvu, ndipo ma nati a mapayipi achitsulo muwasiye omasuka pang'ono, mupukuse mpaka dizilo atatuluka, kenako mumange.

Utsi wakuda ukatsalabe pambuyo pa zimenezi, chotsatira ndi taimini ya pampu. Pa VE imayezedwa ndi geji ya wotchi yolowetsedwa pa bawuti ya pakati kumbuyo kwa pampu, osati ndi khutu. Ngati injini yanu ndi ya lamba wa taimini (woyendetsa pampu ndi mavalavu), funsani kuti anasinthidwa liti, popeza pa mainjini ambiri a mtundu uwu amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo lamba wotamuka kapena wolumpha dzino limodzi amasokoneza taimini.

Mwini pikapu:
Ndi ya lamba, ndipo palibe chilichonse cholembedwa chosonyeza pamene anasinthidwa komaliza. Ndigula lamba ndi tensioner yake (chokungira lambayo) pamodzi ndi ma nozzle, kuti taimini iyezedwe tsiku lomwelo. Zikomo kwambiri nonse, ndidzakuuzani mmene ikukwerera chitunda ntchitoyo ikatha.